Webusayiti Yochezerana Ikafa Mutangopanga Update: Mmene Ndimapezera Plugin Yolakwa

"Achimwene, tsamba lathu lija likungoonetsa mzere umodzi wa Chingerezi basi, palibe amene akutha kulowa." Foni imeneyi inandipeza m'mawa ndili pa depoti pa boma pano, ndipo woimbayo anali mlembi wa gulu lina la achinyamata lomwe mamembala ake afalikira kuyambira ku Monkey Bay mpaka ku Namwera ndi ku Makanjira. Usiku wathawo anaona kachizindikiro kofiira kosonyeza kuti pali ma update, ndiye anachonga zonse n'kudina batani limodzi. Kufuna kukweza pulogalamu sanalakwitse, pakuti pulogalamu yosiyidwa yakale ndi khomo losatseka. Koma walira mvula walira matope, ndipo matope a update ndi maplugin, timapulogalamu towonjezera pa webusayiti, omwe sagwirizananso ndi anzawo.

Webusayiti imeneyo, monga enanso omwe ndimasamalira kuno ku Mangochi, inamangidwa pa WordPress, ndipo chimene chimaisandutsa malo ochezerana ndi BuddyPress. Ndiyo imene imapatsa membala aliyense tsamba lakelake, anzake, magulu, mauthenga achinsinsi ndi malo olembapo zomwe zikuchitika. Ndilankhula za zimenezi chifukwa ndi zomwe ndimazigwira ndi manja, koma kaganizidwe kake n'kamodzi ngakhale mukugwiritsa ntchito pulogalamu ina.

Muyenera kumvetsa kaye chifukwa chake vutoli limabwerabwera. Pansi penipeni pali PHP, chinenero chomwe seva imayendetsera zonse. Pamwamba pake pali WordPress, kenako BuddyPress, kenako timaplugin tomwe tinakoloweka pa BuddyPress: ka zithunzi, ka macheza, ka mabaji, ka kulembetsa, ka chitetezo. Pomaliza pali theme, yomwe imapereka maonekedwe a webusayiti. Chilichonse mwa izi chinalembedwa ndi munthu wina, chaka china, ndipo ambiri mwa anthuwo sadziwana. Chapansi chikasuntha, chapamwamba chimene chinatsamira pamenepo chimagwa. Kawirikawiri chimene chagwa ndi chimodzi kapena ziwiri, osati nyumba yonse. Asodzi akapeza kuti chilimira chakodwa sadula ukonde wonse, amatsata chingwe mpaka apeze mfundo. Ntchito yathu ndi yomweyo.

Musanakhudze kanthu

Lekani kudina. Musakwezenso china poganiza kuti mwina chikonza, ndipo makamaka musadine Delete pa plugin iliyonse. Deactivate imangoyigoneka, koma Delete imapatsa plugin mwayi woyeretsa pambuyo pake, ndipo maplugin ena amafufutiratu matebulo awo mu database, nkhokwe ya zolembedwa zonse za webusayiti. Ngati inali plugin yosunga zithunzi za mamembala kapena macheza awo, mwataya zinthu za anthu chifukwa cha vuto lomwe likanatha ndi kusintha dzina la foda.

Kenako tengani backup, ngakhale ya webusayiti yosokonekerayo. Zikumveka zachilendo, koma database ija ili ndi zonse zomwe mamembala alemba mpaka usiku wathawu, ndipo backup yakale ilibe zimenezo. Lowani mu cPanel, tsamba loyendetsera malo anu a pa seva, tsegulani phpMyAdmin, sankhani database yanu n'kudina Export. Imeneyi itsitseni pa laputopu kapena pa foni, nthawi zambiri siikula kwambiri. Mafayilo ndiwo amalemera, makamaka foda ya wp-content/uploads momwe mumakhala zithunzi. Kwa ife ogula bandulo, nzeru ndi kuyipanga Compress mu File Manager n'kusunthira zip imeneyo kunja kwa public_html, ikhale pa seva pomwepo. Yang'ananinso kumbali kwa cPanel pomwe pamaonetsa malo omwe mwagwiritsa ntchito. Pa webusayiti yomwe anthu amaikapo zithunzi tsiku ndi tsiku, malo amatha mwakachetechete, ndipo update yopangidwa pa seva yodzaza imaima pakati.

Ngati pakulembedwa za maintenance

Uthenga wakuti "Briefly unavailable for scheduled maintenance" ndiwo wosavuta pa onse. WordPress ikayamba update imapanga fayilo yotchedwa .maintenance mu foda yaikulu ndipo ikamaliza imayichotsa. Update ikadukira pakati, fayiloyo imatsalira. Pakatha mphindi 10 WordPress imasiya kuyilabadira yokha, koma mukhoza kuyifufuta: mu File Manager dinani Settings, chongani Show Hidden Files, muyiona.

Chofunika kukumbukira n'chakuti fayiloyo ndi chizindikiro chabe. Ngati update inaduka, mwina pali plugin yomwe mafayilo ake theka ndi atsopano, theka palibe. Tsitsani zip yake yatsopano n'kuyikweza kudzera pa Upload Plugin. Kuyambira pa WordPress 5.5 ya mu 2020, imakufunsani ngati mukufuna kulowetsa yatsopanoyo m'malo mwa yomwe ilipo, ndipo zosankha zanu sizitayika.

Ngati pakulembedwa za critical error, kapena tsamba langoyera

Apa ndi pomwe mlembi uja anali. Mzere womwe amaunenawo unali wakuti "There has been a critical error on this website". Kuyambira pa WordPress 5.2 ya mu 2019, zikatere pulogalamuyo imatumiza imelo kwa admin yokhala ndi dzina la plugin yomwe yagwa ndi linki yolowera mu recovery mode, momwe plugin yolakwayo imaimitsidwa kwa inu nokha kuti muthe kulowa ndi kuyizimitsa. Linkiyo imagwira ntchito tsiku limodzi. Yang'anani ndi mu spam momwe.

Koma magulu ambiri kuno imeloyo saiona. Adilesi yomwe inalembedwa pa Settings ndi ya munthu yemwe anamanga webusayiti zaka zapitazo ndipo pano ali ku Joni, kapena seva yenyeniyo siitumiza maimelo bwinobwino. Musataye nthawi kudikira. Pitani ku File Manager, tsegulani wp-config.php ndi Edit, ndipo pamwamba pa mzere wakuti "That's all, stop editing!" muike mizere itatu iyi. Ngati mzere wa WP_DEBUG ulipo kale wolembedwa false, muusinthe womwewo, musalembe kawiri.

define( 'WP_DEBUG', true );
define( 'WP_DEBUG_LOG', true );
define( 'WP_DEBUG_DISPLAY', false );

Tsegulaninso tsamba lomwe likukanalo kamodzi kapena kawiri. Tsopano mu foda ya wp-content muoneka fayilo yotchedwa debug.log. Ma seva ambiri a cPanel amasunganso fayilo ya error_log mu public_html kapena mu wp-admin, nayonso imathandiza.

Kuwerenga fayilo imeneyi ndi luso lonse la nkhaniyi, choncho ndichedwapo pang'ono. Anthu ambiri akaitsegula n'kuona mizere mazanamazana ya Chingerezi chosamveka amaitseka msanga. Simukuyenera kumva zonse. Yambirani pansi, pakuti zatsopano zimalembedwa kumapeto. Nthawi yomwe ili kumayambiriro kwa mzere ndi ya UTC, yomwe ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi yathu, ndiye ngati munayesa 10 koloko m'mawa, funani mizere ya 8 koloko. Mizere yoyamba ndi Notice, Warning kapena Deprecated idumpheni kaye. Imeneyo ndi madandaulo, siipha webusayiti. Womwe mukufuna ndi wolembedwa "PHP Fatal error" kapena "PHP Parse error". Kumapeto kwa mzere umenewo kumakhala njira ya fayilo, monga wp-content/plugins/dzina-la-plugin/ kenako dzina la fayilo ndi nambala ya mzere. Chomwe chikutsatira mawu akuti plugins ndiye dzina lomwe mukusaka.

Pali msampha umodzi womwe ndaona ukukola anthu odziwa ntchito. Nthawi zina njira imeneyo imaloza ku foda ya buddypress kapena ku wp-includes, ndiye munthu amati BuddyPress ndiyo yawonongeka, n'kuyamba kuyichotsa. Pomwe munthu wagwera si pomwe anapunthwa. Pansi pa mzere wa Fatal error pamakhala mndandanda wotchedwa Stack trace, woyamba ndi #0, #1, #2 kumatsika. Umenewo ukukuuzani kuti ndani anaitana ndani. Tsikani nawo mpaka mupeze mzere woyamba womwe watchula plugin ina kapena theme yanu. Nthawi zambiri ameneyo ndiye anatumiza chinthu cholakwika, BuddyPress inangofera m'manja mwake. Pa webusayiti ya achinyamata aja zinali choncho ndendende: mzere woyamba unkatchula BuddyPress, koma pa #2 panali kaplugin kakale koonetsa mamembala omwe ali pa intaneti, komwe palibe amene ankakakumbukiranso.

Mukalipeza dzinalo, pitani ku wp-content/plugins n'kusintha dzina la foda yake, mungowonjezera mawu ngati -yazima kumapeto. WordPress ikalephera kuyipeza imayidumpha, ndipo webusayiti imadzuka. Ikapanda kudzuka, bwererani ku debug.log. Mwina pali wachiwiri yemwe amabisala kumbuyo kwa woyamba.

Zomwe mauthenga ena amatanthauza

"Call to undefined function" akutanthauza kuti plugin yaitana chinthu chomwe kulibe. Onani dzina la chinthucho. Likakhala create_function kapena each, vuto ndi PHP: ziwirizi zinachotsedwa mu PHP 8.0 yomwe inatuluka mu Novembala 2020, ndipo plugin yomwe ikuzifunabe ndi yakale kwambiri. Izi zimachitika ngakhale inu simunakhudze kanthu, kampani ya hosting, yomwe imakusungirani webusayiti pa seva, ikangokweza PHP kumbali yawo. Dzinalo likayamba ndi bp_, groups_, friends_ kapena messages_, ndi la BuddyPress. Apo yambani mwaona pa Settings, BuddyPress, Components ngati mbali imeneyo ili yoyatsa. Plugin ya magulu singayende ngati User Groups ili yozima, ndipo imagwanso ngati BuddyPress yeniyeniyo yazima pa nthawi ya update.

"Allowed memory size of 134217728 bytes exhausted" ndi nkhani ya memory. Nambala imeneyo ndi 128 MB. Mukhoza kuika define( 'WP_MEMORY_LIMIT', '256M' ); mu wp-config.php, koma zimagwira pokhapokha ngati hosting yanu ikulola. Apa samalani: fayilo yomwe yatchulidwa pa mzerewo ndi yomwe inangopezeka ikupempha memory itatha kale, osati kwenikweni yomwe inadya yambiri.

"Cannot redeclare" ndiye kuti chinthu chimodzi chalembedwa kawiri. Zimachitika plugin yatsopano ikabwera ndi chinthu chomwe wina anachilemba kale pamanja mu functions.php ya theme kapena mu bp-custom.php, kafayilo komwe BuddyPress imawerenga kuchokera mu wp-content/plugins. Zimachitikanso mukakhala ndi plugin yaulere ndi mnzake wolipira zonse zoyatsa.

"Parse error" yokhala ndi mawu akuti unexpected nthawi zambiri ndi vuto lotembenuka: plugin ndi yatsopano koma PHP ya pa seva ndi yakale, kapena fayilo inakopedwa theka. PHP mumaiona ndi kuisintha mu cPanel pa Select PHP Version kapena MultiPHP Manager, malingana ndi hosting yanu.

Mukamaliza, bwezerani WP_DEBUG pa false ndipo fufutani debug.log. Pa ma seva ambiri fayilo imeneyo aliyense wodziwa adilesi yake akhoza kuitsegula, ndipo imaulula mmene mafoda anu akhalira.

Webusayiti ikutseguka koma zinthu sizikuyenda

Uku ndiye kovuta kwenikweni, chifukwa palibe mzere wofiira wokulozerani. Mamembala amangoti "ndikadina sizikutheka". Funso loyamba kwa iwo likhale lakuti akugwiritsa ntchito browser yanji. Ambiri kuno amakonda Opera Mini posunga bandulo, ndipo ikakhala pa kusunga data kwambiri, tsamba limakonzedwa kaye pa ma seva a Opera lisanafike pa foni, moti mabatani ena odalira JavaScript sayenda monga ayenera. Apempheni ayese pa Chrome mu Incognito. Zikayenda kumeneko, vuto ndi browser kapena cache (makope a masamba osungidwa kuti azitseguka msanga) ya pa foni yawo, osati plugin.

Zikakanabe, chotsani cache ya pa webusayiti. Ngati muli ndi plugin ya cache, kapena hosting yanu ili ndi LiteSpeed, kapena mumadutsira pa Cloudflare, yeretsani zonse. Maplugin omwe amaphatikiza ndi kufinya mafayilo a JavaScript amatha kumapatsa anthu mafayilo akale pa tsamba latsopano, ndiye batani la kulemba, la Load More kapena lopempha ubwenzi limangokhala duu. Muonetsetsenso kuti cache siikusunga masamba a anthu omwe alowa ndi pasiwedi. Pa webusayiti yochezerana zimenezi si nkhani ya liwiro chabe: membala akhoza kuona tsamba lomwe linakonzedwera mnzake.

Mukhale pa laputopu tsopano. Tsegulani tsamba lovutalo, dinani F12, sankhani Console, n'kudina batani lokanalo. Mizere yofiira imatchulanso fayilo, ndipo njira yake imakhala ndi dzina la plugin kapena theme monga muja zinalili mu debug.log. Mukaona mawu akuti "is not a function" pafupi ndi jQuery, chida cha JavaScript chomwe maplugin ambiri amadalira, mwakumana ndi nkhani yakale: WordPress 5.5 inasiya kuyatsa jQuery Migrate, ndipo 5.6 ya mu Disembala 2020 inakweza jQuery kufika pa 3.5.1, moti maplugin ndi ma theme olembedwa kalekale anasiya kuyenda. Plugin ya Enable jQuery Migrate Helper inapangidwa kuti ikhale ndodo yoyendera pa nthawi imeneyo. Mukaona 403 pa admin-ajax.php kapena pa adilesi yokhala ndi wp-json, kayikirani plugin ya chitetezo kapena ModSecurity ya pa seva, chifukwa BuddyPress imadutsira m'njira zimenezo potumiza zomwe membala walemba.

Ngati Console siikunena kanthu, yatsala njira yopatula. Ikani plugin ya Health Check & Troubleshooting n'kuyatsa Troubleshooting Mode. Ubwino wake ndi wakuti imazimitsa maplugin onse ndi kusintha theme kwa inu nokha, mamembala akupitiriza kuona webusayiti monga ilili. Yatsani BuddyPress yokha kaye n'kuyesa. Ikayenda bwino yokha, mwatsimikiza kuti si iyo. Kenako musayatse imodziimodzi ngati maplugin ndi ambiri, bandulo ithera pamenepo. Yatsani theka. Vuto likabwera, wolakwa ali mu theka limenelo. Likapanda kubwera, ali mu linalo. Gawaninso pakati. Maplugin 16 mumawamaliza m'maulendo anayi. Lembani pa pepala zomwe mwayatsa ulendo uliwonse, chifukwa foni ikalira pakati mudzaiwala. Nthawi zina mupeza kuti plugin iliyonse payokha ilibe vuto koma ziwiri zikakumana zimamenyana, ndipo pepala lija ndi lomwe lingakuonetseni zimenezo.

Musaiwale theme. Ma theme ambiri opangidwira BuddyPress amakhala ndi foda yawoyawo yotchedwa buddypress, momwe anakoperamo mafayilo a maonekedwe n'kuwasintha. BuddyPress ikakwera, makope amenewo amatsalira pa zakale. Komanso BuddyPress ili ndi mitundu iwiri ya maonekedwe, BP Legacy ndi BP Nouveau yomwe inabwera mu 2018, ndipo mumasankha pa Settings, BuddyPress, Options. Theme kapena plugin yolembedwera umodzi imatha kusokonekera pa unzake. Ngati vuto likutha mukasinthira ku theme ya WordPress yeniyeni monga Twenty Twenty-One, mwapeza kolowera.

Kwa amene sakutha kulowa n'komwe ndipo log siikuthandiza, kusintha dzina la foda yonse ya plugins kumazimitsa zonse nthawi imodzi. Dziwani kuti mukatsegula tsamba la Plugins zili choncho, WordPress imazilemba zonse kuti n'zozima, ndiye mukabwezera dzina muyenera kuziyatsanso nokha, kuyambira BuddyPress. Njira imeneyi siikhudza foda ya mu-plugins, kapena mafayilo a object-cache.php ndi advanced-cache.php omwe maplugin a cache amasiya mu wp-content. Ndinakhalapo madzulo onse ndikusaka vuto lomwe linali mu object-cache.php yotsalira ya plugin yomwe inachotsedwa kalekale.

Masamba a mamembala ndi magulu akunena 404

Yambani ndi chophweka: Settings, Permalinks, n'kudina Save Changes osasintha kanthu. Zimenezo zimapangitsa WordPress kulembanso mndandanda wa maadilesi, ndipo nthawi zambiri zimathera pomwepo.

Zikapanda kutha, onani nambala ya BuddyPress yomwe munachokera ndi yomwe mwafika. BuddyPress 12.0, yomwe inatuluka mu Disembala 2023, inasintha kwambiri mmene imawerengera maadilesi a masamba ake, n'kuyamba kugwiritsa ntchito njira ya WordPress yeniyeni. Maplugin omwe amawonjezera timasamba pa tsamba la membala kapena la gulu, ndipo sanakonzedwe kuti agwirizane ndi kusinthaku, anayamba kusowa kapena kulozera kolakwika. Opanga BuddyPress anatulutsa plugin yotchedwa BP Classic yobwezeretsa njira yakale. Ngati mwadumpha kuchoka pa 11 kapena kumbuyo kwake kufika pa 12 kapena kutsogolo, ikani BP Classic, sungani Permalinks kachiwiri, muone. Ine ndimaiona ngati mlatho wowolokera, osati pokhala. Imakupatsani nthawi yofufuza kuti ndi plugin iti yomwe ikufunabe zakale.

Za maimelo ndinene mwachidule. Ngati olembetsa atsopano sakulandira uthenga wotsimikizira, mayina awo mukawapeza pa Users, Manage Signups, ndipo mukhoza kuwatsegulira pamanja pomwe mukufufuza. Pa Tools, BuddyPress pali zida zokonzera chiwerengero cha mamembala ndi cha anzawo chikasokonekera, komanso yobwezeretsa maimelo. Yomalizayi imafufuta mawu omwe munasintha nokha, choncho ngati munamasulira maimelowo m'Chichewa kapena m'Chiyao, akopereni kaye pena.

Amene muli pa Elgg, pulogalamu ina yomangira webusayiti yochezerana, m'malo mwa WordPress, maplugin amakhala mu foda ya mod. Mukaikamo fayilo yopanda kanthu yotchedwa disabled, onse amaima kuti muthe kulowa ndi kuzimitsa wolakwayo, kenako mufufute fayiloyo, muyeretse cache ndi kuyendetsanso upgrade.

Mwaipeza. Ndiye mutani nayo?

Onani kaye ngati ili ndi update yakeyake yomwe munaidumpha. Kawirikawiri mwini wake amakhala atakonza kale. Ngati update yatsopanoyo ndiyo yabweretsa vuto, bwererani ku yam'mbuyo: pa tsamba la plugin pa wordpress.org, Advanced View ili ndi mitundu yakale pansi pake, ndipo plugin ya WP Rollback imachita zomwezo mosavuta. Kubweza kaplugin kakang'ono n'kosaopsa kwenikweni. Kubweza BuddyPress kapena WordPress yeniyeni ndi nkhani ina, chifukwa update imatha kukhala itasintha kale database, ndipo mafayilo akale pa database yatsopano amabala mavuto ena. Ngati mwaganiza zobwerera, bwezani mafayilo ndi database za tsiku limodzi, mukudziwa kuti zomwe mamembala alemba kuyambira tsikulo zitayika, ndipo muwauze.

Kutsitsa PHP kubwerera pa 7.4 kumadzutsa mawebusayiti ambiri nthawi yomweyo, ndipo ndimachita zimenezo anthu akafuna kulowa lero lomwe. Koma PHP 7.4 inasiya kulandira zokonza za chitetezo mu Novembala 2022. Dzipatseni masiku owerengeka ochotsera plugin yokakamirayo n'kukweranso.

Ndipo pali maplugin omwe ndi bwino kungowasiya. Mukaona pa tsamba lake kuti papita zaka osakonzedwa, ndipo mafunso a anthu sakuyankhidwa, imeneyo idzakugwetsaninso pa update yotsatira. Funsani komiti ngati chinthu chomwe imachitacho chikufunikadi. Achinyamata aja atamva kuti chomwe chinatseka webusayiti yawo ndi kabokosi koonetsa amene ali pa intaneti, anati kachoke, ndipo sanakafunenso.

Ndinenepo za maplugin olipira omwe anthu amatsitsa ulere pa masamba okayikitsa, aja amati nulled. Ndikumvetsa chifukwa chake: kulipira ndi madola kuchokera kuno n'kovuta, ndipo gulu la m'mudzi lilibe ndalama zoterozo chaka ndi chaka. Koma plugin yotero siilandira update, ndiye BuddyPress ikakwera iyo imatsala, n'kukhala yoyamba kugwa. Choopsa kuposa apo n'chakuti simudziwa chomwe anaikamo amene anaithyolayo. Webusayiti yochezerana imasunga manambala a foni, zithunzi ndi mauthenga achinsinsi a anthu omwe mumakumana nawo kumsika, kumzikiti ndi kutchalitchi. Ndi bwino webusayiti ikhale ndi zinthu zochepa koma zochokera kodalirika.

Ulendo wotsatira

Ma cPanel ambiri ali ndi Softaculous kapena WP Toolkit, zomwe zimatha kukopera webusayiti yonse pa adilesi ina yoyeserapo. Kwezani kumeneko kaye. Ngati mulibe malo okwanira, tengani backup n'kukweza chimodzichimodzi: timaplugin ting'onoting'ono ndi theme poyamba, kenako BuddyPress, kenako WordPress, ndipo PHP ikhale ya tsiku lina. Mukakweza chimodzi, tsegulani webusayiti pa foni ngati membala wamba, osati ngati admin. Lowani, lembani kanthu, ikani chithunzi, tumizani uthenga, tsegulani gulu limodzi, yesani kulembetsa. Zikasweka mukudziwa kale kuti ndi chiti, osafunikanso log.

WordPress yatsopano imathandizako: kuyambira pa 6.3 imabwezeretsa plugin yakale update ikalephera pakati, ndipo 6.6 inawonjezera zomwezo pa ma update odzichitikira okha akagwetsa webusayiti. Koma siingadziwe kuti batani lopempha ubwenzi lasiya kuyenda kapena kuti tsamba la gulu likunena 404. N'chifukwa chake pa BuddyPress ndi maplugin okoloweka pa iyo ndimazimitsa auto-update, n'kumakweza ndekha ndili pompo. Nthawi yake ndimasankha m'mawa pakati pa sabata, laputopu itadzaza moto, ndili pamalo pomwe netiweki ili yokhazikika, osati usiku pomwe mamembala ambiri amalowa, komanso osati tsiku loti mawa lake gulu lili ndi msonkhano. Ndimalembanso pa WhatsApp ya gululo kuti webusayiti ikhoza kuvuta kwa ola limodzi, kuti mlembi asavutike ndi mafoni.

Zikakukanikani, lemberani a hosting kapena mwini plugin, koma musangoti webusayiti yafa. Pa Tools, Site Health, Info pali batani lokopera zonse zokhudza webusayiti yanu: nambala ya WordPress, ya PHP, theme ndi maplugin onse. Ikani zimenezo mu uthenga wanu, pamodzi ndi mzere wa Fatal error ndi Stack trace yake yonse, nthawi yomwe vuto linayamba, ndi zomwe mwayesa kale. Musanatumize pamalo poonekera anthu, fufutanimo dzina lanu la cPanel lomwe limaoneka m'njira za mafayilo. Pasiwedi ya admin musaipereke; ngati wothandizayo akufunikadi kulowa, mupangireni akaunti yakeyake n'kuifufuta akamaliza.